Mtsempha wa m'ntchafu utaduka, wolowetsapo n'kusowa: lipoti la wodwala wa ngozi ya kabaza ku Mulanje

Chidule

Lipoti ili ndi la mnyamata wa zaka 27, woyendetsa njinga yamoto ya kabaza, amene anafika pa chipatala chathu kuno ku Mulanje fupa la ntchafu ya kumanja litathyoka n'kutulukira kunja, mtsempha waukulu wopititsa magazi kumwendo utadukiratu. Mwendo unapulumuka, ngakhale sunabwerere mmene unalili. Ndine kiliniko ofesala wa ku fiyeta, ndipo chandilembetsa ndi vuto limodzi limene linatiimika mitu usiku umenewo: mitsempha yonse iwiri ya saphenous, yobweza magazi pansi pa khungu la miyendo, imene timaidalira polumikiza mtsempha woduka, sinali yotheka kuigwiritsa ntchito. Odwala oterewa ndiwo amene akatswiri a kunja akhala akuwapangira mitsempha yokulitsidwa kuchokera ku maselo a munthu, choncho kumapeto ndafotokoza zimene mitsemphayi ikanasintha kwa iye ndi zimene sikanasintha. Mwiniwake anavomera kuti nkhani yake ilembedwe. Dzina ndi mudzi wake sinditchula.

Mmene anafikira

Ngozi inachitika cha m'ma 4 koloko madzulo, nyengo ya mvula, pa msewu wa dothi wodutsa m'minda ya tiyi. Njinga inaterereka pa khona n'kulowa kunsi kwa ngolo ya thirakitala. Anzake a kabaza anamumanga ntchafu ndi malegeni pamwamba pa bala, namukulunga chitenje, namunyamula pa njinga ina atamuika pakati pa anthu awiri. Kwa ife anafika itangodutsa 6 koloko. Malegeniwo ndiwo anapulumutsa moyo wake, ndipo ndinawauza anyamatawo zimenezi pamaso pa abale. Chimene sanadziwe n'choti alembe nthawi imene anamanga. Tinachita kuwerengera tokha kuti mwendo wakhala wopanda magazi pafupifupi maola awiri.

Anali maso koma wozizidwa thupi lonse, akupempha madzi. BP inali 80/50, mtima ukugunda ka 128 pa mphindi, Hb (mulingo wa magazi) 7.2. Mutu, chifuwa ndi mimba zinalibe vuto. Ntchafu ya kumanja inali ndi bala lalikulu mkati, pang'ono pamwamba pa bondo, lodzaza matope ndi masamba, nsonga ya fupa ikuoneka. Phazi linali lozizira ndi lotuwa. Pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo sipankagunda kanthu, ndipo kamakina koyezera mpweya m'magazi titakaika pa chala cha kuphazi sikanawerenge chilichonse. Zala ankazigwedeza movutika, kukhudza ankamva mwa patali. Titamasula malegeni pang'ono magazi anathovoka, tinamanganso.

Mwendo wa kumanzere fupa linali lonse, koma khungu ndi mafuta a mkati mwa ntchafu zinasendeka kuyambira pakati pa ntchafu mpaka pakati pa katumba. Poyamba bala limeneli sindinaliganizire kwambiri chifukwa silinkataya magazi ambiri. Tanthauzo lake linaoneka pambuyo pake.

Tinamuika madripu awiri, mapaketi awiri a magazi amene analipo a gulu lake, tranexamic acid 1 g yochepetsa kutaya magazi, ceftriaxone 2 g, metronidazole ndi katemera wa kafumbata.

Chisankho choyamba

Funso linali loti timutumize ku Blantyre nthawi yomweyo kapena tiyambe tamutsegula. Minofu ya mwendo ikakhala maola pafupifupi 6 yopanda magazi imayamba kufa kosabwerera. Kukonza ambulansi, kuyenda usiku kudzera ku Midima mvula ikugwa, kulandiridwa ndi kulowa fiyeta kumeneko, zonsezi zikanadya maola otsalawo. Ndinaimbira dokotala wa maopaleshoni wa pa chipatala chachikulu ku Blantyre, ndipo tinagwirizana kuti tiike kachubu kodutsitsa magazi mongoyembekezera, kamene timakatcha shunt, tichite fasciotomy, kung'amba katumba kuti minofu yotupa isapanikizike, kenako timutumize.

Panja panali amayi ake ndi amalume ake. Amayiwo anandigwira dzanja nati, "Adokotala, mwendowo muudula?" Ndinati, "Mayi, sitikulowa kukadula. Tikulowa kukayesa kubwezeretsa magazi. Koma zikakanika, mwendo umenewu ukhoza kumupha mwana wanu, ndipo pamenepo tidzabwera kudzakufunsani." Amalume, monga eni mbumba, ndiwo anasayina.

Ku fiyeta

Anamugoneka ndi ketamine. Ndinatsegula pamwamba pa bala kuti ndiugwire kaye mtsempha pamene unali wabwino, kenako tinamasula malegeni. Mtsempha wa femoral unaduka pamene umalowera kuseri kupita ku bondo. Nsonga ziwirizo zinali zitabwerera m'minofu, zophwanyika, zotsekeka ndi magazi oundana. Nditachotsa zoundanazo, kumtunda magazi anabwera mwamphamvu, kumunsi ankangodontha. Tinalibe kachubu ka Fogarty kokokera magazi oundana, choncho ndinafinya katumba kuchokera kumunsi, n'kutsuka mkati ndi madzi a dripu osakaniza heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, mpaka magazi obwerera anawonjezeka.

Mtsempha wobweza magazi woyandikana nawo nawonso unang'ambika moipa pamtunda wautali. Kuusoka sikunatheke, ndipo wodwala sakanapirira kutaya magazi ena. Ndinaumanga mbali zonse ziwiri.

Shunt ndinaidula ku chubu chodyetsera cha m'mphuno cha saizi 16, ndinailowetsa masentimita awiri mbali iliyonse, n'kumanga ndi ulusi wa silk kawiri kawiri. Magazi anayamba kuyenda patapita maola pafupifupi 5 chichitikireni ngozi. Pasanathe mphindi khumi phazi linayamba kufunda, kamakina kaja kanayamba kuwerenga. Katumba ndinamung'amba mbali ziwiri kutsegula zipinda zonse zinayi za minofu. Minofu ya kumbuyo inali yofiira ndipo inkadumpha ikatsinidwa. Ya kutsogolo kwa msongolo inali yakuda mbali ina. Tinatsuka mabala onse ndi madzi ambiri, kuchotsa zakufa, kulimbitsa mwendo ndi pulasitala kuti fupa lisazule kachubu m'njira. Mkodzo m'thumba unali utasanduka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, chizindikiro choti zotuluka m'minofu yovulala zafika ku impso, choncho tinawonjezera madzi. Ananyamuka ndi namwino cha m'ma 11 koloko usiku.

Ku Blantyre

Zotsatirazi ndazitenga m'kalata yobwerera nayo ndi pokambirana ndi dokotala amene anamuchita opaleshoni. Kachubu kanafika kakuyendabe. A mafupa anamanga fupa ndi zitsulo za kunja. Atadula nsonga zophwanyika za mtsempha, panatsala mpata wa masentimita pafupifupi 8, woti kukoka nsonga kuti zikumane sikukanatheka.

Mwa nthawi zonse pamenepa timatenga saphenous, mtsempha wautali wobweza magazi umene umayenda pansi pa khungu kuchokera pa kakolo kukafika m'mphechepeche, ndipo timautenga ku mwendo wosavulala. Kwa wodwalayu wa kumanzere unapita limodzi ndi khungu losendeka lija, kotsala cha ku kakolo kanali kakafupi ndi kopyapyala. Wa kumanja unalipo wonse, koma popeza mtsempha wa mkati wobweza magazi ndinali nditaumanga, saphenous ameneyu ndiye anatsala njira yaikulu yotulutsira magazi m'mwendomo. Kumuchotsa kukanatupitsa mwendo mpaka graft yomweyo, chidutswa cholumikizira mtsempha wodukawo, kutsekeka. Graft ya pulasitiki dokotalayo anaikana chifukwa cha matope a m'bala.

Anatenga mtsempha wa basilic ku mkono wa kumanzere, anautembenuza kuti timavalavu ta mkati tisatchinge magazi, anausoka mbali zonse, naukwirira ndi mnofu wa sartorius. Kufunafuna m'miyendo ndi kutsegula mkono kunawonjezera nthawi yoposa ola pa munthu amene anali atazizidwa kale ndi kutaya magazi ambiri. Impso zinafooka masiku oyamba koma zinabwerera popanda makina. Pa tsiku la 8 bala la m'ntchafu linatulutsa mafinya. Analowanso naye fiyeta kukatsuka, anapeza graft ili yokwiririka bwino, mafinya sanaifike. Minofu ina ya kutsogolo kwa msongolo anaichotsa. Mabala a fasciotomy ndi la kumanzere anawamata khungu lochokera kwina.

Atabwerera kwathu

Anabwera mu sabata yachinayi. Tinapitiriza kutsuka mabala ndi mabowo a zitsulo, aspirin 75 mg tsiku lililonse, ndi mafizo. Pa miyezi 6 mtsempha wa kuseri kwa kakolo unkagunda bwino, phazi lofunda, fupa likugwirana. Phazi salitukula mokwanira ndipo amalikoka poyenda. Mwendo umatupa madzulo. Amayenda ndi ndodo imodzi. Kabaza sanayambirenso.

Zokambirana

Kumanga mtsempha wopititsa magazi osaulumikiza si njira. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, madokotala a ku America DeBakey ndi Simeone anaunika mabala 2,471 a mitsempha, ndipo pamene mtsempha wa kuseri kwa bondo unangomangidwa, miyendo yoposa 70 pa 100 inadulidwa. Kusoka mitsempha kunali kodziwika kale, Alexis Carrel analandirira mphoto ya Nobel mu 1912, ndipo Jean Kunlin wa ku France anagwiritsa ntchito saphenous kulambalala mtsempha wotsekeka wa mwendo mu 1948. Kuyambira pamenepo palibe chimene chaposa mtsempha wa mwini wake. Ndi wamoyo, thupi siliukana, ndipo umalimbana ndi tizilombo.

Pulasitiki, Dacron ndi ePTFE, imagwira bwino m'mitsempha ikuluikulu ngati aorta, mtsempha waukulu wochokera ku mtima. Ikakhala yocheperapo pa mamilimita 6 imatsekeka msanga. Choipa kwambiri kwa ife n'choti m'khoma mwake simuyenda magazi, ndiye tizilombo tikakakamirapo, mankhwala ndi asilikali a m'thupi satifikira bwino. Graft yotere ikagwira mafinya kawirikawiri imayenera kuchotsedwa, ndipo nthawi zina imayamba yaphulika posokera. Mabala athu ambiri ndi a m'munda, a pamsewu wa dothi, a chikwanje, ofika mochedwa. Alipo madokotala amene amaika pulasitiki m'bala lakuda ngati chongoyembekezera, ndipo sindiwatsutsa pamene palibe china, koma kwa munthu amene adzabwerere kumudzi wa kuseri kwa phiri ndimaopa.

Pakati pa ziwirizi pali mitsempha yochokera ku nyama. Ku America mtsempha wa m'khosi mwa ng'ombe wakhala ukugwiritsidwa ntchito kuyambira cha m'ma 1970, makamaka kwa odwala impso, ngati polumikizira makina otsuka magazi. Ina, yotchedwa Omniflow, inayambira ku Australia: amaika kaukonde ka polyester pansi pa khungu la nkhosa, thupi la nkhosayo n'kukakuta ndi kolajeni, timaulusi timene timalimbitsa khungu ndi mitsempha. Zonsezi amaziumitsa ndi mankhwala kuti thupi la munthu lisazikane, choncho zimakhala zakufa, ndipo zina zimafutukuka pakapita zaka.

Ntchito yokulitsa mtsempha kuchokera ku maselo inayamba kuoneka mu 1986, pamene Weinberg ndi Bell anapanga wa kolajeni ndi maselo a ng'ombe. Unali wofooka moti unkafuna kaukonde ka Dacron kuti usaphulike. Mu 1998 Nicolas L'Heureux ndi anzake ku Quebec anakulitsa maselo a munthu kukhala timapepala, n'kutikulunga kukhala mtsempha wolimba wopanda pulasitiki iliyonse. Unayesedwa pa odwala impso 10 ku Argentina ndi ku Poland, zotsatira zinatuluka mu 2009, koma kupanga umodzi kuchokera ku maselo a wodwala mwiniyo kunkatenga miyezi yoposa 6. Ku Tokyo, Toshiharu Shinoka anaika mtsempha wokulitsidwa ndi maselo a mwini mwa mtsikana wa zaka 4 mu 1999. Zonsezi n'zothandiza pa opaleshoni yokonzekera. Wa ngozi alibe miyezi, ali ndi maola.

Njira imene yafika pa odwala a ngozi ndi ya Laura Niklason, amene mu 1999 anaonetsa kuti maselo amamanga khoma lolimba ngati madzi akukankhidwa mkati mwake mogunda, monga umachitira mtima. Kampani imene anayambitsa nawo, Humacyte ya ku Durham, North Carolina, imatenga maselo a minofu ya khoma la mtsempha ochokera kwa anthu opereka ziwalo, n'kuwabzala pa chimango cha polyglycolic acid, chinthu chomwecho chimene amapangira ulusi wina wosungunuka umene timasokera mkati mwa thupi. Kwa masabata pafupifupi 8 maselowo amapanga kolajeni pamene chimango chikusungunuka. Kenako, ndipo apa ndi pamene pali nzeru yonse, amawatsuka maselo onsewo kuwachotsa. Chotsala ndi chubu cha kolajeni ya munthu chopanda zizindikiro zimene thupi limazindikirira mlendo. Sichifuna kufananitsa magazi kapena mankhwala ofooketsa chitetezo, ndipo chimadikira mufiliji. Zidutswa zimene zinachotsedwa mwa odwala patapita miyezi zinaonetsa kuti maselo a wodwala mwiniyo amalowamo n'kukhazikika, timitsempha ting'onoting'ono n'kumera m'khoma. Chimenechi pulasitiki singachite.

Mtsemphawu unayesedwa poyamba pa odwala impso 60 ku Poland ndi ku America, lipoti lake linatuluka mu 2016. Kuyambira 2022 unagwiritsidwa ntchito pa ovulala ku nkhondo ya ku Ukraine. Mu December 2024 bungwe loona za mankhwala la FDA la ku America linauvomereza, pansi pa dzina la Symvess, kwa akuluakulu ovulala mtsempha wa mkono kapena mwendo amene akufunika kubwezeredwa magazi mwachangu pamene mtsempha wawo womwe sungagwiritsidwe ntchito. Kukula kwake ndi mamilimita 6 mkati, kutalika pafupifupi masentimita 40. Wodwala wathu akuyandikira kwambiri mawu amenewa, popeza saphenous sanali wotheka kugwiritsa ntchito, ndipo mamilimita 6 ndi saizi yoyenera mtsempha umene unadukawo.

Ukanakhalapo, ola lija lofunafuna likanapulumuka, mkono sukanatsegulidwa, ndipo sitikanakhala ndi nkhawa ya khoma lopyapyala la mtsempha wa kumkono, limene limatha kufutukuka pakapita nthawi. Phindu limeneli ndi lenileni, sindikulichepetsa.

Koma pali zinthu zimene wogwira ntchito kuno ayenera kuziona bwino. Chilolezo cha FDA chinabwera ndi chenjezo lalikulu loti mtsemphawu ukhoza kuphulika pakati kapena kumasuka posokera, magazi n'kutayika koopsa. Kafukufuku wa odwala a ngozi anali wa anthu osakwana 100, ndipo panalibe gulu lina loikidwa saphenous kapena pulasitiki loti afananitse nalo mwachindunji. Bala lakuda losowa mnofu wokwirira ndi malo oopsa kwa graft ya mtundu uliwonse, ndipo m'miyezi yoyamba, maselo a wodwala asanalowemo, mtsemphawu umakhala kolajeni chabe. Kuphulika kumene ku America kumapeza munthu ali pafupi ndi ambulansi, kuno kungamupeze ali ku Muloza kapena ku Thekerani, usiku, mtsinje utadzaza. Nchifukwa chake sindikanauika patsogolo pa mtsempha wa kumkono kwa mnyamata ameneyu, amene anali nawo wabwino. Ndikanaufuna kwa amene alibe ngakhale umenewo, kapena amene sangapirire ola lina pa tebulo.

Anthu ambiri akamva za filiji amaganiza kuti vuto lathu likhala magetsi. Ine sindikuona choncho. Umasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, chimodzimodzi katemera, ndipo katemera timamusunga mpaka m'zipatala zing'onozing'ono za kumudzi ndi mafiliji a sola. Chotchinga ndi mtengo: unayamba kugulitsidwa pa madola 29,500 umodzi, ndipo uli ndi tsiku lothera ntchito, kutanthauza kuti chipatala chimagula n'kudikira wodwala amene mwina safika. Chotchinga china ndi manja. Graft ya mtundu uliwonse imafuna munthu wodziwa kusoka mtsempha, ulusi wa prolene wopyapyala, zopanira zosaphwanya khoma ndi heparin. Zimenezi zikasowa pa chipatala cha boma laling'ono, mtsempha wa mufiliji suthandiza kanthu. Ndipo usanalowe m'dziko muno uyenera kudutsa ku bungwe loona za mankhwala la PMRA.

Palinso nkhani imene wa kunja sangaiganizire. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu anaphedwa, ndipo ogwira ntchito za umoyo ankaopa kulowa m'midzi ina. M'dera lotere, kuika m'thupi la munthu chinthu chopangidwa kuchokera ku maselo a munthu wina kumafuna kufotokoza kosabisa kanthu. Amalume adzafunsa kuti, "Wachokera kwa ndani?" ndipo yankho liyenera kukhala loona: kwa munthu amene anapereka ziwalo zake movomereza, maselo ake anachotsedwamo, chatsala ndi chimango. Chimodzimodzi za ng'ombe ndi nkhosa, wodwala auzidwe nyama yake, chifukwa zipembedzo zathu zimasiyana pa nkhani ya nyama. Ndaona kuti anthu a kuno amavomera zinthu zovuta akauzidwa poyera, ndipo chimene sakhululuka ndi kudzamva pambuyo.

Kumene ndikuona kuti mitsempha imeneyi ingadzatithandize koyamba mwina si pa ngozi, koma kwa odwala impso amene amapita ku Queen Elizabeth kukatsukidwa magazi. Ambiri amafika mitsempha ya m'mikono itatha ndi madripu, n'kukhala miyezi ndi chubu cha pakhosi chimene chimalowetsa tizilombo m'magazi. Opaleshoni yawo ndi yokonzekera, bala ndi loyera, ndipo amaonedwa ndi anamwino kangapo pa sabata, choncho vuto likayamba limagwidwa msanga. Chilolezo cha 2024 sichinakhudze ntchito imeneyi, koma kafukufuku woyamba wa mtsemphawu anachitikira pa odwala oterewa.

Pa wodwala wathu, minofu imene anataya inafa m'maola asanu oyamba, graft isanaganiziridwe n'komwe. Chimene chinaimitsa kufako ndi kachidutswa ka chubu cha m'mphuno. Pambuyo pa nkhaniyi tinakonza paketi yophikidwa kale yokhala ndi machubu odulidwa a saizi 12, 14 ndi 16, silk ndi zopanira ziwiri, ndipo imakhala pa shelefu ya fiyeta. Tayambanso kukambirana ndi atsogoleri a masiteji a kabaza za kamangidwe ka mwendo wotaya magazi: nsalu yotambalala m'malo mwa legeni yopyapyala imene imadula khungu, ndi kulemba nthawi pa mkono wa wovulalayo.

Mnyamatayu tamulembera kukapangitsa chothandizira phazi kuti lisamakokeke, ndi sokosi yothina ya kutupa. Zitsulo zikachotsedwa tidzamutumiza kukajambulitsa graft ndi sikani kuti aone ngati siikufutukuka kapena kuchepa posokera, ndipo azidzajambulidwa chaka ndi chaka. Iye ndi amalume ake tawauza kuti phazi likazizira mwadzidzidzi, kapena pa chipsera pakatuluka chotupa chogunda, asadikire tsiku la sikelo yake, abwere nthawi yomweyo ngakhale usiku.